Funsani Malume wa Ziweto: Kodi Galu Wachikuda Angadumphe Ngati Aja a pa Foni?

Nthawi zambiri mumandifunsa za chitopa cha nkhuku, chigodola cha nkhumba ndi mbuzi zotsekula m'mimba. Mwezi uno makalata ambiri ndi a agalu, ndipo si agalu odwala ayi. Mukufuna kudziwa zochita nawo. Ndasankhapo 6, ena a kuno kwathu ku Kasungu, ena a ku Mchinji. Ataliatali ndawafupikitsa, ndipo maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Malume, ndine mnyamata wa ku Chamama, ndimalima fodya ndi bambo anga. Pa foni ya mnzanga ndinaonera agalu akudumpha timipanda, kulowa m'chipaipi n'kutulukira mbali ina, mwini wake akuthamanga pambali. Ine ndili ndi galu wanga Tilekeni, wachikuda, wa miyezi 7. Anzanga akuti ndisadzivute, zimenezo n'za agalu achizungu odya za m'sitolo. N'zoona?

YANKHO: Mphwanga, anzakowo akunena zimene sanayesepo.

Masewera unaonerawo amatchedwa agility, ndipo si akale kwenikweni. Anayamba mu 1978 ku England, pa chionetsero chachikulu cha agalu cha Crufts, chomwe masiku ano chimachitikira ku Birmingham. Okonza chionetserocho ankangofuna choti anthu azionerera podikira ndime yotsatira, ndiye anatengera mpikisano wa mahatchi odumpha mipanda n'kuikapo agalu. Anthu anazikonda, mpaka lero kuli mipikisano ya dziko lonse. Amene amapambana kawirikawiri ndi agalu a mtundu wa Border Collie, oweta nkhosa kumalire a England ndi Scotland. Ndi agalu a ntchito, opepuka thupi, osakhazikika malo amodzi.

Tsopano tamuyang'ana Tilekeni. Ngati ali ngati agalu ena onse amene ndinkabaya katemera m'midzi ya kwanuko, ali ndi chifuwa chakuya, mimba yolowa, miyendo italiitali ndi ubweya waufupi. Thupi lothamangira ndi limenelo. Ku South Africa agalu oterewa anawapatsa dzina loti Africanis, ndipo mu 1998 anakhazikitsa bungwe lowateteza kuti mtundu wawo usathe. Ife kuno timawagenda. Amene angavutike pa masewerawa ndi ma Boerboel amene anthu akugula mokwera mtengo m'tauni, chifukwa cha kulemera, komanso agalu a ubweya wambiri amene amalefuka dzuwa likangokwera.

Chimene galu wachikuda amasowa n'kukhulupirira dzanja la munthu. Chibadwire wake amangomva "choka!", ndipo munthu akawerama iye amadziwa kuti akutola mwala. Ndiye mwezi woyamba usakhome chilichonse. Ntchito yako ndi imodzi: Tilekeni azibwera ukamuitana.

Tapa bonya pang'ono uike m'thumba la kabudula. Madzulo, iye asanadye, khala pansi pakhonde, umutchule dzina kamodzi n'kunena kuti "bwera". Akafika, kabonya kamodzi pakamwa nthawi yomweyo. Usayambe wapita kukatenga m'nyumba, chifukwa galu amalumikiza mphoto ndi chimene wachita kamphindi komweko. Ukachedwa, aganiza kuti wamulipira chifukwa chokanda khutu. Akazolowera pakhonde, kayese pabwalo, kenako kudimba, kenako pamene pali nkhuku ndi ana akusewera. Pamenepo ndi pamene udziwe ngati wamva.

Pali chinthu chimodzi chimene chingagwetse ntchito yonseyi tsiku limodzi. Akaba ndiwo, iwe n'kumuitana mokoma, iye n'kubwera, iwe n'kumukwapula, wamuphunzitsa kuti kubwera kwa iwe n'koopsa. Uwauzenso amayi ako ndi azing'ono ako. Mphika azivundikira, galu asamaitanidwe kuti adzamenyedwe.

Ukatero uonjezere mawu ena: "khala", "dikira", "siya". Akhale aafupi ndipo asamasinthesinthe. Pomuphunzitsa kukhala, usamukanikize msana. Kweza kabonya pamwamba pa mphuno yake n'kukabweza pang'ono chakumbuyo. Mutu ukamatsatira m'mwamba, matako amatsika okha.

Zipangizo uli nazo kale. Chodumpha: njerwa uku ndi uku, nsungwi kapena mkangala wakale pamwamba. Ungousanjika, usaumange kapena kuukhomera, kuti akaugunda uzigwa wokha. Mtengo wokhomera umathyola mwendo. Cholowamo: mipando iwiri kapena itatu yofunditsa mphasa yakale, poyamba yaifupi yoti aziona kuwala mbali inayo, wina atamugwira uku, iwe ukumuitana uko. Thabwa lalikulu lokhazika pa njerwa limamuphunzitsa kuyenda pamalo opapatiza. Tayala lakale la galimoto uliimike pansi n'kulichirikiza, azidutsa pakati.

Pa msinkhu pokha pamenepa usapupulume. Mafupa a galu amamaliza kukhwima ali pakati pa miyezi 12 ndi 18, ndipo kumudumphitsa m'mwamba isanakwane nthawiyo kumawononga mfundo za miyendo. Sizioneka lero, zimadzaoneka ali ndi zaka 5 akuyenda motsimphina. Panopa nsungwi igone pansi penipeni, azingoilumpha. Akakwana chaka ukweze njerwa imodzi, kenako ziwiri.

Chovuta kuposa zonse ndi mitengo yozondotsa ija imene galu amayenda mokhotakhota pakati pake. Pa mpikisano weniweni imakhala 12, yotalikirana masentimita 60, ndipo galu amalowa mtengo woyamba uli kuphewa lake lakumanzere. Imeneyo uisiyire kumapeto, ndipo uyambe ndi iwiri yokha.

Mphindi 5 m'mawa, 5 madzulo, basi. Uzisiya iye akadafuna. Ndipo poti ndiwe wa fodya, bwalo lakelo likhale kutali ndi chigafa ndi posungira mankhwala opopera ku nazale. Kagalu kamatafuna chilichonse, ndipo fodya ndi poizoni kwa galu.

FUNSO: Bambo mlangizi, ndine mayi wa ku Mkanda. Bambo akunyumba anagula galu wa mtundu wa German Shepherd wosakanizika. Amamutsekera m'khola la malata tsiku lonse, amamutsegulira usiku wokha. M'chakudya amamuikira tsabola, nthawi zina chamba, ati akhale wolusa. Ana amafuna kusewera naye koma bambo amakaniza, ati apusa. Sabata yatha anatsala pang'ono kuluma mwana wathu wamkulu pomupatsira nsima. Ndichite bwanji?

YANKHO: Mayi, yankho ili muwawerengere bambowo mwaulemu, atadya kale, ana atagona. Cholinga chawo n'chabwino, akufuna pakhomo patetezeke. Njira ndi imene yalakwika, ndipo sali okha. Kuyambira ku Santhe mpaka ku Kamwendo makola oterewa ndawaona ambirimbiri.

Mtundu wa galu wanuyo unakhazikitsidwa ku Germany mu 1899 ndi msilikali wina wa pa kavalo, Max von Stephanitz. Ntchito ya agaluwa inali kuweta nkhosa, kuyenda tsiku lonse ndi mbusa, kumvera mawu ake. Mayeso amene anakonza oyesera agaluwa alipo mpaka lero ngati masewera, ndipo ali ndi mbali zitatu: kulondola fungo, kumvera, ndi kuteteza. Pa mbali yoteteza, galu woluma koma wokana kusiya akauzidwa amagwa mayeso. Amene anapanga mtunduwo ankadziwa kuti ukali wopanda kumvera ulibe ntchito.

Agalu amene amanunkhiza katundu pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, kufunafuna minyanga ya njovu ndi mamba a ngaka, sagwira ntchito chifukwa cha tsabola. Agalu a ntchito imeneyi amaphunzitsidwa ndi masewera. Akapeza chimene akufuna, malipiro awo ndi kampira kapena kachingwe kokokerana ndi wowayendetsa.

Galu wokhala m'malata tsiku lonse, makamaka mu Okutobala, sasiyanitsa mbala ndi mwana wa pakhomo, chifukwa onse sawadziwa. N'chifukwa chake anafuna kuluma mwana wanu. Komanso galu wosungulumwa ndi wanjala ndi amene amathamangira nyama yothira tameki imene akuba aponya kuseri kwa mpanda. Chamba chimangomuzunguza mutu, amayenda dzandidzandi n'kumadzikodzera. Tsabola amamuotcha m'mimba. Zonsezi zilekeke lero.

Oyamba akhale bambowo, popeza ndi amene galuyo amawadziwa. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanatenthe, amumange chingwe cholimba n'kuyenda naye mphindi 20 kapena 30, poyamba njira yopanda anthu ambiri. Amulole kununkhiza. Masana mumumangire pamthunzi. Kokani waya pakati pa mitengo iwiri, tcheni chake chizitsetsereka pa wayapo, aziyenda uku ndi uku akuona zochitika pakhomo, madzi ali pafupi.

Pakatha masabata angapo ayambe masewera okokerana. Potani chitenje chakutha chikhale chingwe chokhuthala. Bambo anene "gwira", akokerane pang'ono, kenako aleke kukoka, dzanja lingoti zii, anene "siya". Galu akalavula, am'patse kanyama n'kuyambiranso. Dzino likangokhudza khungu, ngakhale mwangozi, masewera atha tsiku limenelo. Galu wodziwa "gwira" ndi "siya" ndiye mlonda amene bambo akufuna, ndipo kuuwa usiku sadzasiya. Kumeneko n'kobadwa nako.

Ana adikire kaye. Ayambe n'kuyenda nawo pambali pa bambo awo, kenako kumuponyera chakudya ali patali. Asamuyandikire akudya kapena ali mtulo, ndipo wamng'ono asatsale naye yekha. Ngati pakatha miyezi iwiri akadali kuwalusira ana, pitani naye ku ofesi ya zaziweto akamuone, chifukwa galu amene akumva ululu penapake amalusanso. Kumeneko mukafunsenso za katemera wa chiwewe ngati sanabayidwe chaka chino.

FUNSO: Malume, galu wanga Zanimuone ali ndi zaka 9. Mwamuna wanga akuti kuongola mtengo mpoyamba. Kodi angaphunzirenso kanthu? Mayi wa ku Nkhamenya.

YANKHO: Angaphunzire, mayi, ndipo mwina msanga kuposa kagalu, chifukwa mtima wake unakhazikika. Zodumpha zokha ayi, miyendo yake yatopa. Vundikirani zitini zitatu pansi, kusi kwa chimodzi mubise kanyama, mumuuze kuti "funa". Akadziwa, onjezerani zitini, kenako muzikabisa kuseri kwa nkhokwe. Mphuno ya galu imakalamba mochedwa. Akulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo pa masewera amenewa mudzaona nokha.

FUNSO: Achimwene, ine ndine wachikulire, ndimakhala kwa Chulu kufupi ndi paki. Zodumphitsa agalu matayala zimene achinyamata akukambazi n'zachibwana. Masewera a galu ndi uzimba. Ife tinakulira momwemo. Adzukulu anga ali ndi agalu 4, ndipo ndikufuna adziwe zimene ine ndinkadziwa. Cholakwika n'chiyani?

YANKHO: Achimwene anga, pa theka la mawu anu sinditsutsa. Galu wa kuno anaumbidwa ndi uzimba. Inenso ndikukumbukira kudzuka kusanache, zibonga m'manja, likhweru likumveka mbali zonse za dambo, agalu akunjenjemera ndi chimwemwe. Munthu ndi galu wake ankamvana popanda kulankhula. Agalu ambiri amene akuvuta m'midzi masiku ano, opha nkhuku ndi othamangitsa njinga, ndi agalu amene ntchito inawathera.

Koma tchire limene inu munkasakamo si limene adzukulu anu alipeze. Nkhalango ya Kasungu inakhala paki mu 1970, ndipo kulowamo ndi agalu kukasaka ndi mlandu. Mu 2017 lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa, moti pa nyama zotetezedwa kwambiri munthu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Mnyamata amanyamuka akuti akukasaka kalulu, agalu n'kudzutsa nyama ina, ndipo agalu safunsa lamulo.

Chachiwiri ndi njovu. Inu mukudziwa kuposa ine kuti chibwerere njovu 263 zija kuchokera ku Liwonde mu 2022, kukumana nazo sikusowanso, ngakhale kunja kwa waya. Galu akaona njovu amaiuwa, ikamutembenukira amathawira kwa mbuye wake, njovu ili pambuyo. Palinso kashembe. Ntchentche zimene zimapatsa anthu kaodzera zimadwalitsanso agalu: amatentha thupi, amaonda, maso amachita mtambo, ndipo ambiri amafa. Onjezani misampha ya waya imene imadula miyendo, ndi nkhandwe zimene zimapatsirana chiwewe ndi agalu. Za moto wolusa umene anyamata amayatsa pofuna kalulu mmodzi sindinena zambiri, nonse a kumeneko munaonapo nkhokwe zikupsa.

Tsono chimene inu muli nacho, chimene adzukulu sangachipeze pa foni, ndi kuwerenga galu. Mumadziwa mmene mchira umaimira akagwira fungo latsopano, mmene amakwezera mutu akalitaya, kusiyana kwa kulira kwa "ndaona" ndi kwa "ndikufunabe". Zimenezo mukhoza kuwaphunzitsa pamunda wanu womwewo mutakolola.

Yambani m'mawa mame asanaume, chifukwa chinyezi chimasunga fungo. Galu amangidwe poti sakuona. Mdzukulu mmodzi amange chikopa cha mbuzi pa chingwe n'kuchikoka pansi mapazi 20 mowongoka, akugwetsa tinyenyeswa ta chakudya m'mapazi mwake, kumapeto asiye chikopacho ndi kanyama. Abwerere njira ina. Kenako mumutenge galuyo pa chingwe chachitali, mumuonetse poyambira. Musamukoke, musamulozere njira. Mphuno yake ili ndi timinyewa tomvera fungo toposa 200 miliyoni, pamene yanu ndi yanga tili ndi 5 kapena 6 miliyoni, ndiye wodziwa njira ndi iyeyo. Akazolowera, talikitsani, ikanimo kona imodzi, chepetsani chakudya, kenako muzidikira theka la ola musanamumasule. Pambuyo pake chikopa chichoke, azilondola phazi la munthu: mdzukulu akabisale kudimba, galu akamupeze. Kumayiko ena zimenezi ndi mpikisano wokhala ndi oweruza. Kwa Chulu phindu lake lidzaoneka tsiku limene mbuzi yasochera kapena mwana wamng'ono walowera kumunda.

Ngati adzukuluwo akufuna liwiro, palinso njira. Tembenuzani njinga, chishalo pansi. Chotsani tayala lakumbuyo patsale limu yokha, mumangepo chingwe chachitali chopyapyala, kumapeto kwake chiguduli kapena kachikopa. Wina akapalasa ndi dzanja, chingwe chimakulungika pa limu ndipo chikopa chija chimathawa m'bwalo, agalu ali pambuyo. Umo ndi mmene amathamangitsira agalu a mtundu wa Greyhound ndi anzawo popanda kupha kalulu. Greyhound amafika makilomita 70 pa ola. Anuwo safika pamenepo, koma mudzadziwa kuti mwa anayiwo mwamuna ndani. Muzithamangitsa mmodzimmodzi kapena awiriawiri ogwirizana, pamalo opanda zitsa ndi maenje a mbewa.

FUNSO: Bambo, ndine mphunzitsi kusukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Kapiri. Anyamata ambiri amabwera agalu akuwatsatira. Ndaganiza zokonza tsiku la masewera a agalu pabwalo la sukulu. Ndiyambire pati?

YANKHO: Aphunzitsi, ganizo lanu ndalikonda kuposa onse a mwezi uno, ndipo ndi limenenso likundiopsa. Kusonkhanitsa agalu ambiri ndi ana ambiri pabwalo limodzi m'dziko limene chiwewe chikadalipo si nkhani yamasewera. Muyambire kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu, kenako kwa amfumu ndi komiti ya sukulu. Chitupa cholowera pabwalo chikhale kapepala ka katemera. Wopanda kapepala galu wake atsale kunyumba, ngakhale akhale mwana wa a gulupu.

Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lapansi, pafupifupi onse atachitenga kwa galu, ndipo pafupifupi 40 pa 100 aliwonse ndi ana osakwana zaka 15, msinkhu wa ophunzira anuwo. Zizindikiro zikangoyamba, palibe mankhwala. Koma agalu 70 pa 100 aliwonse akabayidwa katemera m'dera, matendawa amaleka kufala. Ku Blantyre mu 2015 a bungwe la Mission Rabies anabaya agalu opitirira 35,000 m'masiku 20. Ine nditaona m'midzi, amene amabweretsa galu ku katemera nthawi zambiri ndi mwana, chifukwa ndi amene galuyo amamutsatira. Anyamata anuwo ndiwo angakokere mudzi wonse.

Katemera sagwira tsiku lomwelo, amatenga masabata angapo. Choncho mukhale ndi masiku awiri. Loyamba la katemera, lachiwiri la masewera patatha mwezi. Mukhoza kulozetsa lachiwirilo pa 28 Seputembala, tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse. Linasankhidwa chifukwa ndi tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, amene anapanga katemera wa chiwewe amene anabayidwa koyamba kwa munthu mu 1885. Kungoti nthawi imeneyo kwayamba kale kutentha, ndiye muyambe 7 koloko, pofika 10 koloko anthu abalalike.

Galu aliyense akhale pa chingwe, ndipo pabwalo pazilowa mmodzi pa nthawi. Wamkazi amene ali pa nyengo yofuna amuna asabwere. Nyengoyo imatenga pafupifupi masabata atatu, ndipo mmodzi yekha akhoza kusandutsa tsiku lanu nkhondo. Tiagalu tosakwana miyezi inayi titsalenso, komanso aliyense wotsekula m'mimba, chifukwa kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri.

Masewera ake asakhale ovuta. Mwana aime mbali ina ya bwalo aitane galu wake, muwerenge nthawi. Mubise bonya kusi kwa chidebe chimodzi mwa zisanu. Ana ayende ndi galu pa chingwe mozungulira mipando, chingwe chisakungike. Mpikisano umene ine ndingaupatse mphoto yaikulu ndi wa galu wosamalidwa bwino: wopanda nkhupakupa m'makutu, wopanda mphere, nthiti zosawerengeka. Mphoto zikhale makope, sopo, chingwe chabwino, mankhwala a njoka zam'mimba. Ndalama ayi. Pakalowa ndalama pabwera akuluakulu obetcha, ndipo mapeto ake wina anena kuti tiwamenyanitse tione. Kumenyanitsa nyama ndi mlandu m'dziko muno.

Pambali pa bwalo pakhale zidebe za madzi ndi sopo. Agalu akagwirana, muwathire madzi, wina asalowetsepo dzanja. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 zathunthu, muyang'ane pa wotchi, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Galu wolumayo asaphedwe mwaphuma, amangidwe n'kumuyang'anira masiku 10, alangizi akudziwa.

FUNSO: Malume, ndimapalasa kabaza pa Kasungu boma. M'mawa ndimakonda kuthamanga cha ku phiri. Galu wanga Sipoti amanditsatira ngakhale ndikakwera njinga. Ndimumange ku njinga kuti tiziyendera limodzi?

YANKHO: Mphwanga, ku hendulo usamumange. Akangoona mphaka, nonse awiri muli m'ngalande, pamodzi ndi kasitomala. Ndipo nthawi ya ntchito Sipoti azitsala kunyumba. Msewu wa M1 wadya agalu ambiri, komanso galu amatsatira mbuye wake mpaka kugwa, sadziwa kunena kuti ndatopa.

Kuthamanga kwa m'mawako ndiye kwabwino. Ku Ulaya ndi masewera odziwika otchedwa canicross. Anayamba ndi anthu a agalu okoka ngolo pa chipale, pofuna kuti agalu awo asafooke miyezi imene chipale kulibe. Munthu amamanga lamba m'chiuno, galu amathamanga kutsogolo akukoka. Chofunika n'chakuti akokere pachifuwa, khosi lisakhudzidwe. Telala aliyense wa mumsika akhoza kukusokera chomangira cha pachifuwa ndi m'mapewa kuchokera ku lamba wa chikwama chakale, aikemo kansalu kofewa kuti chisamusupule kukhwapa. Pa chingwe ulumikizepo kamphira ka chubu kuti akakoka mwadzidzidzi msana wako usamve.

Akhale atakwana chaka. Yamba ndi kilomita imodzi kapena ziwiri, panjira ya dothi, uzionjezera pang'onopang'ono. Usamudyetse nsima yambiri musananyamuke, adye mutabwerako atapuma.

Mdani wamkulu ndi kutentha. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga iwe, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu. Thupi lake limakhala pa madigiri 38 kapena 39, ndipo likapitirira 41 moyo uli pangozi. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, muzikhala mutabwerako dzuwa lisanakwere. Pa tala, ika kuseri kwa dzanja lako pansi. Ngati sungapirire masekondi asanu, mapazi ake apsa. Ukaona lilime latuluka lonse lili lofiira kwambiri, dovu likutayika, miyendo ikugwedera, imani pamthunzi pomwepo. Umuthire madzi ozizira pamimba, m'khwapa ndi m'mapazi, amwe pang'onopang'ono, kenako upite naye kwa alangizi. Panado kapena bulufeni usam'patse, mankhwala a anthu amenewa amawononga chiwindi ndi impso za galu.

Mukafika kunyumba umuyang'ane pakati pa zala ngati mwalowa minga, ndi m'makutu ngati muli nkhupakupa. Galu wothamanga sangakhalire mkute wokha. Uziikako usipa kapena bonya, dzira lophika kawiri kapena katatu pa sabata, ndi zotsala za ku butchala. Ndiwo za anyezi wambiri ndi mafupa a nkhuku ophika usam'patse. Anyezi amawononga magazi a galu, ndipo mafupawo amasweka mosongoka n'kuboola matumbo.